Waranti yatha koma nthenda ndi yomwe ija, alipire ndani?

 Lero sindilemba za mtengo wa feteleza kapena za njovu zothyola mpanda. Ndili ndi nkhani ya galimoto yathu ija. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti bwanji yangoima pansi pa mtengo wa mango sabata yachitatu tsopano, mpaka nkhuku zayamba kuikira mazira kunsi kwake. Ena mukufunsa mwachifundo, ena mukufuna poyambira kuseka. Nonse ndikuyankhani pamodzi. Nkhaniyi ndi yayitali, amene bandulo yake yatsala pang'ono awerenge mawa.

Poyamba mudziwe kuti galimoto imeneyi si yanga ndekha. Tinasonkha anthu atatu. Ine ndinaikapo ndalama za mpunga wa zaka ziwiri ndi mbuzi zisanu ndi imodzi. Mng'ono wanga wa ku Area 25 anaikapo zake, mwana wanga wachisamba amene ali ku Joni naye anatumiza. Cholinga chinali choti tisiye kugulitsa mpunga pakhomo kwa mavenda pa mtengo wongotilanda, tizikautula tokha ku Lilongwe, pobwerera tizinyamula katundu wa anthu a maokala. Ndi kalole kakang'ono ka tani imodzi, kogwirapo kale ntchito ku Japan. Tinakagula pa malo ena ogulitsira magalimoto mu Lilongwe momwemo. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa nkhani sinathe ndipo si bwino kuipitsa munthu pa Facebook musanakhale pansi.

Tsiku logula linali 12 Julayi. Anatipatsa pepala la waranti la miyezi itatu, lonena kuti injini kapena giyabokosi ikavuta m'miyezi imeneyi akonza okha, ife osalipira. Ndiye kuti waranti imathera pa 12 Okutobala. Pepalalo mayi a kunyumba analisunga m'chikwama chomwe timasungamo makadi a kusikelo a adzukulu.

Patangotha masabata atatu, tikuchokera ku Salima, titafika pa Chia muvi wa kutentha kwa injini unakwera mpaka pofiira. Woyendetsa ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wosamala, anaima pompo. Tinadikira kuti izizire, tinathira madzi, tinafika kunyumba mokwawa. M'mawa mwake tinaimba foni, anati bwerani nayo. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, mafuta athuathu. Anaiona, anasintha chivindikiro cha ladiyeta, anati basi yachira.

Mu Ogasiti tikukwera zitunda zija ukangochoka ku Salima kulowera ku Lilongwe, matumba a mpunga ali kumbuyo, yatenthanso. Tinabwerera nayo kwa eni ake. Ulendo uno inagona kumeneko masiku asanu ndi anayi. Anati atsuka ladiyeta ndipo asintha kachitsulo kotsegulira madzi kaja amati themositati. Kumapeto kwa Seputembala yatenthanso kachitatu, ili yopanda katundu, pa msewu wosalala wa ku Dwangwa. Inakagonanso masiku khumi ndi awiri. Anati vuto linali fani, tsopano zatheka, muziyenda ndi mtima umodzi.

Pa 4 Novembala tili pa Benga, utsi woyera tolotolo kumbuyo, mphamvu zatha, zii. Posolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo ali ngati tiyi wamkaka. Tinachita kuikoka ndi lole ya munthu wina mpaka pakhomo pano.

Nditaimba foni, yankho linali lalifupi. "Madala, pepala lanu mwaliwerenga? Waranti inatha pa 12 mwezi watha. Tikhoza kukukonzerani, koma mulipira." Mtengo umene ananditchulira, kuuwerengera mu mpunga, ndi matumba oposa khumi a Kilombero wopuntha kale. Ndinati, "Bwana, koma nthendayi si yomwe ija ndinabwera nayo katatu?" Anati, "Zija tinakonza. Izi ndi zina, iyi ndi gasiketi."

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, za injini sindizidziwa, nde ndinaitana makaniko wa pa Boma amene wagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Anatsegula, anandionetsa ndi maso. Anati pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake pamakhala gasiketi, ntchito yake ndi kulekanitsa moto, madzi ndi oyilo kuti zisakumane. Gasiketi ikayamba kuphulika pang'ono, mpweya wamoto umalowa m'njira ya madzi, madzi amathawa, injini imatentha. Komanso injini ikatentha kawirikawiri pa chifukwa china chilichonse, mutu uja umapindika ndipo gasiketi imapsa. Ndiye anati pali njira ziwiri zokha. Kapena gasiketi inali yodwala kale tsiku logula, n'chifukwa chake imatentha. Kapena kutentha katatu kuja ndi kumene kunaipha. Ndinamufunsa kuti nanga pa ziwirizi, ndi iti imene inayamba waranti itatha? Anaseka, anati palibe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena poyera. Vuto limene munthu wakalinena waranti isanathe, iwo n'kuligwira koma osalithetsa, ndi lawo mpaka litatheratu. Tsiku lolembedwa papepala limatseka khomo kwa mavuto atsopano. Silichiritsa nthenda yakale. Ngati zili zoti munthu akhoza kumangosintha tizinthu totchipa, lero chivindikiro, mawa fani, kudikira kuti kalendala imuwombole, ndiye kuti waranti ndi pepala longotsekera anthu m'maso pa tsiku logula.

Ife a kunyanja nkhani imeneyi timaidziwa kale, kungoti sitimaitcha waranti. Ukagula boti kwa mmisiri, n'kuona kuti likulowa madzi pa thabwa lina, umabwerera naye. Amata phula. Sabata yamawa likulowanso madzi pomwepo, amatanso. Kachitatu chimodzimodzi. Tsiku lina thabwa lomwe lija lathyoka muli pakati pa nyanja, kodi alipo pa doko amene angavomereze mmisiri uja akanena kuti nthawi yodandaula inatha? Aliyense anganene kuti thabwa linali lofumbwa kuyambira pachiyambi, phula limangobisa. Ngakhale kwa amfumu, munthu akakugulitsa mbuzi yotsokomola, iwe n'kumuuza tsiku lomwelo, iye n'kumati ipatseni mchere ichira, ikafa patatha mwezi mlandu sumuphonya.

Chinanso chimene chikundiwawa ndi ichi. Pa miyezi itatu ija, galimoto inagona ku galaja kwawo masiku 21, osawerengera masiku a pa msewu popita ndi pobwera. Masiku amenewo sinanyamule thumba ngakhale limodzi, koma kalendala ya waranti imangoyenda. Kuchoka pa 12 Okutobala kufika pa 4 Novembala ndi masiku 23. Mukabwezera masiku 21 aja ndi masiku a maulendo atatu opita kwa iwo, muona nokha kuti yafera m'kati mwa nthawi yawo. Mwana akagonekedwa m'chipatala teremu yonse, sitinena kuti waphunzira teremu imeneyo.

Tsopano ndinenenso mbali yawo, chifukwa mlandu sagamula pomva mbali imodzi. Ogulitsa akuti galimoto ndi yakale, inayenda kale zaka zambiri kwina, sangaisenze moyo wake wonse. Zoona. Akuti misewu yathu ndi yoipa. Zoonanso, amene wayendapo pa M5 kuchoka ku Benga kupita ku Dwangwa akudziwa maenje ake ndi timilatho tija todutsa galimoto imodzi. Akuti anthu a kumudzi mumapachika katundu wa matani awiri pa galimoto ya tani imodzi, pamwamba pake n'kukwezanso anthu ndi madengu a usipa. Sindingakane, timaziona tsiku lililonse. Akuti mafuta akasowa pa filing'i mumagula a m'zigubu osadziwika kuti asakaniza ndi chiyani. Zimenezonso zimachitika. Akuti masipeya anakwera mtengo chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira katundu zikusowa. Izi ndiye tonse zikutipweteka, feteleza naye anakwera pa chifukwa chomwecho.

N'chifukwa chake ine sindikunena kuti chilichonse chowonongeka alipire ndi ogulitsa. Matayala akatha ndi athu. Mabuleki, batire, masipuling'i othyoka pa maenje, zonsezo ndi zathu, ndipo sindingapite kukagogoda pakhomo pa munthu chifukwa cha zimenezo. Giyabokosi ikanavuta koyamba mu Novembala, ndikanangoti tsoka langa, waranti inatha. Koma kutentha kwa injini sikunayambe mu Novembala. Kunayamba pa Chia, galimoto ili ndi masabata atatu m'manja mwathu, ndipo iwo akudziwa chifukwa anaigwira ndi manja awo katatu.

Nanenso ndili ndi polakwa panga, ndivomere pamaso panu. Ulendo woyamba ndi wachiwiri sindinapemphe kapepala kalikonse kosonyeza kuti galimoto yalowa mu galaja tsiku lakuti, vuto lake lakuti, asintha chakuti. Tinangogwirana chanza, zikomo zikomo, basi. Ndinkaona ngati kupempha pepala ndi kumukayikira munthu. Umboni umene ndili nawo ndi mauthenga a pa WhatsApp amene mnyamata woyendetsa uja ankatumiza, ndi chithunzi chimodzi cha muvi uli pofiira. Mwayi wake mnyamatayo safufuta mauthenga. Chachiwiri, pamene imatentha pa msewu timathira madzi a pa mjigo, osati mankhwala aja amathira mu ladiyeta. Makaniko akuti si chimene chapha injini pa miyezi yochepa chonchi, koma ndikudziwa kuti akamva adzagwira pomwepo. Safunsa anadya phula, ine ndadya langa.

Chimene chandipangitsa kulemba si ndalama zokha ayi. Nkhaniyi yalowa m'banja. Mng'ono wanga anandiimbira usiku wina, anati, "Achimwene, galimoto ili m'manja mwanu, amene mukuyendera ndinu, ndiye konzetsani. Ine ndinaika kale zanga." Mwana wanga ku Joni akuti amalume ake ndi amene anasankha malo ogulawo, ayankhe ndi iwo. Mlongo wanga sakundilankhula bwino chifukwa akuganiza kuti tikuloza chala mwana wake kuti ndiye waotcha injini. Taonani tsono, anthu a mimba imodzi tikukangana tokhatokha, pomwe amene anatigulitsa nthenda ali phee. Mng'ono wanga, ndikudziwa uwerenga izi. Sindikukunyoza pagulu. Ndikungoti tisalimbane tokha tisanamufunse mwini nkhani.

Ndipo nthawi yake ndi yoipa. Mvula ili pafupi, nazale ya mpunga ikufuna kukonzedwa, aganyu akufuna zawo, feteleza wa chimanga sindinagule. Ndikatenga matumba khumi aja kukonzetsa galimoto, ndiye kuti chaka chino ndilima theka. Ndikaisiya, iola pansi pa mango, ndalama za anthu atatu n'kuthera nkhuku. Kwa munthu wa pa malipiro a pamwezi, injini ikafa ndi nkhani yodandaula masiku angapo. Kwa mlimi ndi chakudya cha chaka chamawa.

Mwana wanga uja atapsa mtima anandifotokozera mmene zimakhalira ku South Africa. Kumeneko kuli lamulo loteteza ogula la chaka cha 2008. Limati ukagula katundu kwa wamalonda, ngakhale galimoto yakale ya pa malo ogulitsira, ndipo yapezeka ndi vuto miyezi isanu ndi umodzi isanathe, uli ndi ufulu woibweza kuti akonze, akusinthire ina, kapena akubwezere ndalama. Koma mbali imene inandigwira mtima ndi yotsatirayi. Akakonza, ndiye vuto lomwelo n'kubweranso miyezi itatu isanathe chikonzereni, saloledwa kumangokonzakonza. Ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Ndiye kuti amene analemba lamulolo anaona kale chinyengo chomata phula podikira kalendala. Galimoto yathu ikanakhala kumeneko, nkhani ikanatha mu Ogasiti.

Anandiuzanso za kampani ya ku Japan yotchedwa Takata, imene inkapanga matumba a mpweya aja amafufuma pa ngozi kuti munthu asamenyetse mutu. Zinapezeka kuti ena mwa matumbawo amaphulika moipa n'kuvulaza kapena kupha anthu. Makampani opanga magalimoto monga Honda ndi Toyota anaitanitsa magalimoto mamiliyoni ambiri m'maiko osiyanasiyana kuti akasinthe matumbawo ulere, ngakhale magalimoto akalekale amene waranti yawo inatha zaka zambiri m'mbuyomo. Takata yomweyo inagwa mu 2017. Sindikuyerekeza gasiketi yanga ndi imfa za anthu ayi. Ndikungoonetsa kuti ngakhale eni ake opanga magalimoto amavomereza kuti chilema chobadwa nacho sichitha chifukwa choti tsiku la papepala lakwana.

Kuno kwathu nako sikuti kulibe kolowera. Tili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003. Kuli bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, ambiri amangoti CFTC, limene limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wosayenera, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Kulinso bungwe la CAMA lija timamva pa wailesi likulankhulira ogula. Khoti la majisitireti lili pa Boma pompa. Vuto ndi loti ife a kumudzi timaopa maofesi. Timaona ngati kudandaula ndi kwa anthu ophunzira, olankhula Chingerezi. Tikapwetekwa timangoti zachitika, Mulungu aona. Ogulitsa ena amadziwa zimenezi, amadziwanso kuti munthu wa ku Nkhotakota sangakwanitse kumabwera ku Lilongwe sabata iliyonse. Amangodikira kuti utope.

Inu a m'tauni amene mumaitanitsa magalimoto pa intaneti, n'kukawatenga ku Dar es Salaam kulowera pa Songwe, musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Inu ndiye mumagula poona chithunzi chokha, ndipo injini ikafa pa Chiweta wogulitsa ali kutsidya la nyanja zikuluzikulu. Anyamata a kabaza amene mukugula njinga zamoto zatsopano m'masitolo, funsani za waranti musanapereke ndalama. Asodzi ogula injini za maboti, alimi ogula mapampu a sola ndi zigayo, nkhani ndi imodzimodzi. Tonse tikugula makina odula ndi ndalama za thukuta, koma pepala timaliona ngati chinthu chongokulungira.

Ndiye zimene ndaphunzira ndi izi, mutengepo zanu. Musanalipire, pepala la waranti liwerengedwe mokweza pamaso pa mboni, ndipo ngati lili m'Chingerezi wina alimasulire. Mufunse kuti likukhudza ziti, likusiya ziti. Mufunse funso limene ine sindinafunse, loti vuto likabwera kawiri kapena katatu, ndiye waranti n'kutha, zidzatha bwanji? Yankho lake alembe ndi cholembera papepala pomwepo, asayine. Akakana kulemba, mwadziwa kale mtundu wa munthu amene mukuchita naye malonda. Nthawi iliyonse mwabweza katundu kuti akonze, musachoke opanda kapepala ka tsiku lolowa, tsiku lotuluka, vuto limene mwanena ndi chimene asintha. Jambulani ndi foni. Mauthenga musafufute. Sevisi muzichita pa nthawi yake ndipo malisiti a oyilo muzisunga, kuti asadzapeze pothawira. Vuto likabweranso kachiwiri, musadikire kachitatu ngati ine. Pitani ndi makaniko wanu wodziwa, akaone nawo. Ndipo waranti ikatsala sabata ziwiri, katunduyo akayezedwe bwinobwino, chilichonse chokayikitsa chinenedwe molemba tsiku lisanakwane.

Ineyo zimene ndichite ndi izi. Aphunzitsi ena opuma pantchito a m'mudzi muno andithandiza kulemba kalata. Talembamo masiku onse, kuyambira pa Chia mpaka pa Benga, ndi zimene makaniko wapeza. Sindikupempha galimoto yatsopano, sindikupemphanso ndalama za mafuta a maulendo atatu aja, ngakhale zinandipweteka. Ndikupempha kuti gasiketi, kupala mutu wa injini ndi ntchito yake alipire iwo. Oyilo, mafyuluta ndi kuikokera ku Lilongwe ndilipira ine. Ndikuona ngati pamenepo palibe amene waberedwa. Lolemba ndikwera basi kukapereka kalatayo pamanja, ndipo ndikawapatsa masabata awiri. Akakana, kalata yomweyo ipita ku CFTC. Akavomera, ndidzabweranso pano kudzawayamikira, ndipo tsiku limenelo dzina lawo ndidzalitchula, chifukwa wamalonda wokonza cholakwa chake ndi woyenera kumudziwitsa kwa anthu.

Mng'ono wanga, Lolemba ndikupeza pa depoti, tipitire limodzi. Iwe Chingerezi umachitha, ine ndinyamula pepala ndi foni ya mnyamatayu. Mlongo wanga, mwana wako alibe mlandu, anaima nthawi iliyonse muvi ukakwera, ndipo mauthenga ake ndi amene atithandize. Inu ena nonse, ngati zinakuchitikiranipo, kaya ndi galimoto, njinga yamoto, injini ya boti kapena chigayo, lembani m'munsimu mmene munathera nazo, koma osatchula maina a anthu. Ndikufuna ndidziwe ngati alipo amene anadandaula mpaka kuthandizidwa. Amene ali ndi mbewu ya Kilombero yotsala andiuzenso, ndikufuna ndowa ziwiri.